Asayansi amene anabweretsa labotale pansi pa mtengo

Pa 29 February 2024, mtsogoleri wa dziko lino a Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala ca caka cimeneco cinali tsoka la dziko lonse. Pa mahekitala 2.2 miliyoni a cimanga amene tinabyala, pafupi-fupi mahekitala 1 miliyoni anapserera m'munda. Tonse tikumbuka nkhokwe zopanda kanthu ndi mtengo wa unga. Tikumbukanso kuti mabanja ambiri amene anali ndi kamunda ka cinangwa anapeza pogwira. Kucokera nthawi imeneyo, nkhani yobyala cinangwa siikusowa pa misonkhano ya makopaletivu ndi pa bwalo la chalichi mapemphero akatha.

Koma cinangwa naco cili ndi adani, ndipo mdani woipitsitsa saoneka ndi maso. Mlimi asamala munda wake caka cathunthu, mitengo ioneka yabwino-bwino, tsiku lokumba lifika. Adula cinangwa ndi mpeni, apeza mkati muli mabala ofiira moderapo, ouma ngati nkhuni yofumbwa. Sicidyeka, sicigulika, ngakhale unga wake ndi woipa. Lero tikamba za anthu amene nchito yao ya moyo wonse ndi kusaka mdani ameneyu, maka-maka wasayansi wa ku Tanzania a Joseph Ndunguru. Tikamba za iwo cifukwa nchito yao inafika mpaka m'minda ya kuno kwathu, ndiponso cifukwa ndi nchito imene ana athu angaigwire.

Kodi amawerenga ciani?

Camoyo ciliconse, munthu, mbuzi, cimanga ngakhale kacirombo koyambitsa matenda, cili ndi malangizo olembedwa mkati mwake. Malangizowa ndi amene acititsa kuti mwana afanane ndi makolo ake, ndi kuti mbeu ya nyemba isamere nthochi. Asayansi amawachula kuti DNA. Tuzirombo twina tuli ndi mbale wake wa DNA wochedwa RNA. Malembo a DNA ndi anai cabe, A, C, G ndi T, koma amandandalikana mosiyana-siyana mu mzere wautali kwambiri. Wa munthu uli ndi malembo pafupi-fupi 3 biliyoni, ndipo nchito yaikulu yowawerenga inatha mu 2003. Wa cinangwa uli ndi malembo oposa 700 miliyoni. Wa kacirombo kamene kaoletsa cinangwa uli ndi malembo pafupi-fupi 9,000 cabe. Sayansi yowerenga mzere wonsewu ndi kumvetsa tanthauzo lake ndi imene pa Cingerezi amati genomics.

Akhristu anzathu ena amaganiza kuti zinthu izi n'zacilendo ku mpingo. Iai. Amene anayala maziko a sayansi ya cibadwa anali wansembe wa cipani ca Augustino Woyera, bambo Gregor Mendel, mwana wa mlimi wamba. Anali kukhala ku nyumba ya amonke mu mzinda wa Brno, umene lero uli m'dziko la Czech Republic. Kucokera mu 1856 mpaka 1863 anabyala ndi kuwerenga mitengo pafupi-fupi 28,000 ya tunyemba tobiriwira twa mtundu wa peas m'dimba la nyumbayo. Anaona kuti akakwatitsa mtundu wautali ndi waufupi, ana onse atuluka atali, koma mwa adzukulu, mmodzi pa anai alionse abwerera ku ufupi. Anafotokoza zimenezi mu 1865, nazisindikiza mu 1866, koma anthu sanalabadire. Anamwalira mu 1884, ndipo dziko linazindikira nchito yake mu 1900. Bambo ameneyu analinso mphunzitsi, ngakhale kuti mayeso a boma a uphunzitsi anawalephera kawiri. Makolo amene mwana wanu wagwa mayeso, sungani mfundo imeneyi.

Matenda awiri a cinangwa

Matenda oyamba ndi aja ena amati khate la cinangwa. Masamba amapiringizika, nakhala ndi mawanga acikasu ndi obiriwira, mtengo umapinimbira, ndipo pansi sipakhala kanthu kweni-kweni. Analembedwa koyamba mu 1894 m'dziko limene lero ndi Tanzania. M'zaka za m'ma 1990 mtundu wina woopsa wa matendawa unasakaza minda ku Uganda, mpaka alimi ambiri analeka kulima cinangwa. Asayansi atawerenga cibadwa ca kacirombo kake, anapeza kuti kanali kosakanizika kucokera ku mitundu iwiri imene inakumana mu mtengo umodzi.

Aciwiri ndi aja oletsa cinangwa pansi, amene tachula poyamba paja. Anafotokozedwa koyamba m'ma 1930 pa malo ofufuzira a Amani, ku Tanzania komweko. Kwa zaka zambiri anali kupezeka maka-maka m'madera otsika a m'mbali mwa nyanja yamcere ndi m'mbali mwa nyanja ya Malawi. Koma mu 2004 anabuka ku Uganda, dziko lokwera, ndipo anayamba kufalikira ku maiko oyandikana. Zizindikiro zake pamwamba n'zobisika: masamba akale a m'munsi amacita cikasu motsatira mitsempha, ndipo nthawi zina pa tsinde pamaoneka mizere yoderapo. Mlimi wosadziwa amangoti ndi masamba okalamba.

Matenda onse awiri amayenda m'njira ziwiri. Yoyamba ndi tunchenche toyera tumene tumakhala kunsi kwa masamba n'kumayamwa madzi a mtengo. Yaciwiri ndife tomwe. Cinangwa sitibyala njere, timabyala zidutswa za mtengo. Mtengo wodwala ukadulidwa zidutswa khumi, ndiye kuti tabyala odwala khumi. Tunchenche tumauluka kucoka m'munda uno kupita m'munda wa mnansi, koma mtolo wa mbeu pa njinga kapena pa basi umadutsa maboma atatu tsiku limodzi.

Njira ya a Ndunguru

A Joseph Ndunguru si mlendo ku Zambia. Imodzi mwa nchito zao zoyambirira inacitikira kuno. Mu 1999, pamodzi ndi Pulofesa R. G. Kapooria wa pa University of Zambia, anasindikiza zimene anapeza pa tuzirombo togwira mbeu za mtundu wa paprika ndi mphiripiri m'cigawo ca Lusaka. Pambuyo pake anatembenukira ku cinangwa. Anayendayenda m'minda ya ku Tanzania kutola masamba odwala, ndipo anagwirako nchito pa malo ofufuzira za mbeu a Donald Danforth mu mzinda wa St Louis ku America. Mu 2005 anatenga digiri ya udokotala pa University of Pretoria ku South Africa, pa nkhani ya mitundu ya tuzirombo twa khate la cinangwa.

Vuto limodzi limene anakumana nalo tonse tingalimvetse. Tsamba ukalithyola ku mudzi wakutali, pofika nalo mu tauni limakhala litafota kapena kuola, ndipo ku mudzi kulibe firiji. M'caka comweco ca 2005, iwo ndi anzao anaonetsa kuti kapepala kena kokhala ndi mankhwala, kochedwa FTA, kangathetse vutoli. Utenga tsamba, ulikanikiza pa kapepalako mpaka madzi ake alowe, uumitsa, basi. Cibadwa ca kacirombo cimasungika pa pepalapo popanda firiji, ndipo ungatumize mu envulopu ngati kalata. Ndi nzeru ya munthu amene anayendapo m'miseu ya kumudzi.

Sanakhalirire kunja. Anabwerera kwao, nakhala mkulu wa malo ofufuzira za ulimi a Mikocheni mu mzinda wa Dar es Salaam. Kucokera kumeneko anatsogolera nchito yaikulu yopima matenda a cinangwa m'maiko 7: Tanzania, Kenya, Uganda, Rwanda, Malawi, Mozambique ndi Zambia, ndi thandizo la ndalama locokera ku bungwe la Bill and Melinda Gates Foundation. Nchitoyi siinali yopima masamba cabe. Inaika zipangizo m'malabotale a maikowa, ndipo inaphunzitsa acinyamata mpaka kutenga madigiri apamwamba, kuti dziko lililonse likhale ndi anthu ake-ake odziwa kupima. Kuno kwathu inagwirizana ndi bungwe la boma lofufuza za ulimi la ZARI, limene likulu lake lili ku Mount Makulu ku Chilanga. Patapita zaka, a Ndunguru anasankhidwa kutsogolera bungwe la boma la Tanzania loona za umoyo wa mbeu ndi mankhwala ophera tuzirombo.

Mutu umodzi susenza denga. Mmodzi wa anzao pa nchito anali mai Laura Boykin wa ku America, katswiri wowerenga cibadwa pa makompyuta akulu-akulu, amene panthawiyo anali pa University of Western Australia. Mai ameneyu anathandiza kuonetsa kuti tunchenche toyera, tumene ndi maso tuoneka tofanana, si mtundu umodzi koma mitundu yoposa 30, ndipo siicita zofanana m'munda. Mu 2015, a Ndunguru, mai Boykin ndi anzao anasindikiza malembo onse a tuzirombo 12 toletsa cinangwa tocokera kum'mawa kwa Africa. Phindu lake n'lakuti opanga zipangizo zopimira adziwa cimene akusaka, ndipo obereketsa mitundu yatsopano ya cinangwa adziwa mdani amene mbeu yao iyenera kupirira.

Pansi pa mtengo

Cinthu cimodzi cinali kuwavutitsabe. Kale, masamba anali kutumizidwa ku maiko akunja, ndipo yankho linali kubwera patapita miyezi ingapo, nthawi zina isanu ndi umodzi. Pofika nthawiyo mlimi anakumba kale, anadula mbeu pa mitengo yodwala yomweyo, anabyalanso, napatsako ndi alamu ake. Yankho locedwa motere lithandiza wolemba mabuku, osati mwini munda.

Ndiye gululi, pamodzi ndi asayansi a ku Uganda ndi Kenya monga a Titus Alicai ndi a Elijah Ateka, linayesa kamakina kochedwa MinION, kopangidwa ku Oxford ku England. Kamakwana m'dzanja, kulemera kwake sikufika magalamu 100, ndipo kamalumikizidwa ku kompyuta ya m'manja. Mkati mwake muli tuziboo tating'ono kwambiri modutsa mphamvu ya magetsi. Ulusi wa DNA ukamapyola pa kaciboo, lembo lililonse limasintha mphamvuyo mwa njira yake, ndipo kompyuta imamasulira kusinthako kukhala malembo. Mu 2017 anakayesa ku Tanzania ndi ku Uganda, ndipo yankho linatuluka m'masiku awiri. Mu 2018 ananyamula zonse m'zikwama, ndi mabatire omwe, nakayala pa nsalu pansi pa mtengo m'minda ya alimi ku Tanzania, Uganda ndi Kenya. Tsamba linathyoledwa m'mawa, ndipo tsiku lomwelo, patangopita maola ocepa, mlimi anauzidwa kacirombo kamene kali m'munda mwake ndi mtundu wa mbeu umene ungapirire. Nchitoyi anaicha Tree Lab, ndiko kuti labotale ya pansi pa mtengo.

Kwa ife, cacikulu pa nkhaniyi si kamakinako. Cacikulu n'cakuti mwini munda anali pomwepo, akuona ndi maso, akufunsa mafunso m'cinenero cake, ana a sukulu ataunjikana. Wasayansi amene akhala pa mphasa ndi mlimi amamvanso zimene sangazimve mu ofesi: kuti mtundu uja wobereka kwambiri amai aukana cifukwa ndi wowawa, kapena kuti cigwada cake sicikoma, kapena kuti mbeu yabwino ifika mvula itapita kale. Mbeu yopirira matenda imene anthu safuna kudya imathera ku malo ofufuzira komweko.

Matendawa anafika kuno

Tisaganize kuti izi n'za ku Tanzania cabe. Khate la cinangwa lili m'minda yathu kuyambira kale. Ndipo mu 2017, asayansi a ku ZARI, pakati pao a Rabson Mulenga ndi a Patrick Chikoti, anapeza matenda oletsa cinangwa m'maboma a Chiengi ku Luapula ndi Kaputa m'cigawo ca Kumpoto, kufupi ndi malire a dziko la Congo. Atawerenga cibadwa ca kacirombo, anatsimikiza kuti ndi mtundu uja unadziwika ndi dzina la Uganda. Anasindikiza zimenezi mu 2018, ndipo mai Boykin anali mmodzi wa olemba nao. Aka kanali koyamba kuti matendawa atsimikizidwe m'dziko lino, ndipo amene anawagwira ndi ana a dziko lino, ophunzitsidwa nchitoyi.

Luapula ndi Kumpoto ndi kumene kuli cinangwa cambiri, ndipo mitundu yodziwika imene boma linatulutsa, monga Bangweulu, Kapumba ndi Nalumino mu 1993, ndiponso Mweru, Chila, Tanganyika ndi Kampolombo mu 2000, yafalikira m'dziko kupyolera m'mitolo ya mbeu. Tsono pamene ife a ku Chipata, Petauke, Katete, Nyimba ndi Chongwe tikufuna-funa mbeu cifukwa ca cilala, ngozi ili poyera. Mtima wabwino wa mbale amene watibweretsera mtolo kucokera kutali ungatibweretsere matenda amene m'mudzi mwathu munalibe. Ngakhale Manyokola wathu wozuna uja, amene timakonda kutafuna wamuwisi, amagwidwa ndi khate.

Mantha athu

Tidziwa funso limene ena ali nalo: kodi izi si zija za GMO? Tikumbuka kuti mu 2002, nthawi ya njala, malemu a Levy Mwanawasa anakana cimanga ca thandizo cosinthidwa cibadwa, ndipo mu 2007 dziko linakhazikitsa lamulo loyang'anira nkhani zotere. Tiyeni tisiyanitse. Kuwerenga cibadwa ndi kwina, kusintha cibadwa ndi kwina. Wopima magazi ku cipatala kuti aone ngati muli malungo sasintha magazi anu. Momwemonso wothyola tsamba kuti awerenge kacirombo saika kanthu m'munda mwanu. N'zoona kuti asayansi ena amafufuzanso za mbeu zosinthidwa, koma imeneyo ndi nkhani ina, yokhala ndi malamulo ake ndi bungwe lake lopereka cilolezo. Mitundu ya cinangwa tachula pamwambapa inapezeka mwa kusankha ndi kukwatitsa mitengo, njira yomwe ija ya bambo Mendel.

Komabe mantha a anthu sitiwaseka. M'midzi yambiri tinamvapo mphekesera za usatana pamene alendo abwera kudzatenga magazi kapena kulemba maina. Mphekesera zotere zimamera pamene anthu afika ndi galimoto, atenga zimene afuna, napita osabwerera kudzanena zimene anapeza. Wofufuza aliyense wobwera m'mudzi ayambe waonekera kwa amfumu, afotokoze colinga cake m'cinenero cathu, apemphe cilolezo ca mwini munda, ndipo alonjeze tsiku lobwera ndi yankho. Ifenso tili ndi ufulu wofunsa. Safunsa anadya phula.

Zimene tingacite m'munda

Sitifunika kamakina kuti tiyambe. Tisatenge mbeu ya cinangwa ku dera limene sitidziwa, maka-maka kumene matendawa anamveka, popanda kufunsa alangizi a zamalimidwe. Podula mbeu, tisankhe mitengo ya masamba osalala, ndipo tiyambe takumba ndi kudula cinangwa ca mtengowo kuti tione mkati. M'miyezi yoyamba tiziyendera munda kawiri-kawiri, ndipo mtengo woonetsa matenda tiuzule ndi kuutaya kutali kapena kuutentha, osaumvera cisoni. Kumene kuli matenda oletsa, cinangwa cikakhalitsa pansi kuola kumakula, conco tisacedwe kukumba. Tikapeza mabala aja mkati, tisabise ndipo tisagawire anzathu mbeu ya m'mundamo. Tikauze alangizi, kapena a ku malo ofufuzira monga Msekera ku Chipata. Palibe mankhwala opopera amene amaciritsa mtengo umene wagwidwa kale ndi kacirombo, conco wina asatidyere ndalama.

Magulu a mpingo ndi makopaletivu amene agawira mbeu kwa amasiye ndi okalamba asamale koposa, cifukwa mtolo umodzi wodwala ungafike m'mabanja makumi awiri pa Sabata limodzi. Kungakhale bwino parishi kukhala ndi kamunda kake kocurukitsira mbeu yoyera, koyang'aniridwa ndi alangizi.

Nanga ana athu?

Mwana akakhoza bwino sayansi, timangoganiza za udokotala wa anthu kapena unesi. Nchito zimenezo n'zabwino, koma si zokhazo. Munda nao umafuna dokotala. Njira yake iyambira ku sekondale: Biology, Chemistry ndi masamu, ndiponso kompyuta, cifukwa malembo mamiliyoni sawerengeka ndi pensulo. M'masukulu ambiri muli makalabu a sayansi a JETS, ndipo mwana wofuna kulowamo tisamuletse poti akutaya nthawi. Akatsiriza Giredi 12, ku University of Zambia kuli maphunziro a sayansi ya zamoyo, a zaulimi ndi a zoweta. Luso lake ndi limodzi-modzi kulikonse. Pa nthawi ya COVID-19, asayansi a pa yunivesiti yomweyi anawerenga cibadwa ca kacirombo ndi kupeza kuti mtundu wochedwa Beta unali utalowa m'dziko mu December 2020. Ndipo mu November 2021, a Sikhulile Moyo, mbadwa ya ku Zimbabwe yogwira nchito ku Botswana, anali pakati pa oyamba kuzindikira mtundu wa Omicron.

Tisaname, njirayi ndi yaitali. Kucokera pa nchito ya paprika mu 1999 kufika pansi pa mtengo mu 2018, a Ndunguru anatha zaka pafupi-fupi 20. Ndalama zofufuzira zambiri zimacokera kunja, ndipo zikatha, makina amakhala ndi fumbi, ophunzira athu n'kupita kukagwira nchito ku maiko ena. Apa tipempha boma ndi aphungu athu kuti malo monga Mount Makulu, Msekera, Mansa ndi Misamfu azipatsidwa ndalama zokwanira, ndi kuti alangizi akhale ndi mafuta a njinga zamoto ofikira m'midzi. Tipemphanso asayansi athu kuti azibwera m'masukulu a kumudzi ndi pa mawailesi a m'madera, kudzakamba m'Cinyanja comveka.

Mwana wa mlimi ali ndi mwai umene wa mu tauni alibe. Adziwa kale maonekedwe a tsamba lodwala, adziwa nthawi yobyala, adziwa kulankhula ndi agogo mwaulemu. Cimene asowa ndi wina womuuza kuti nchito yotere iliko, ndi kholo lolimbikira fizi ya mtsikana mofanana ndi ya mnyamata. M'mera mpoyamba. Mvula isanagwe caka cino, tiyeni tipite ndi ana athu kumunda, tikumbe mtengo umodzi wa cinangwa, tidule, tiyang'ane mkati pamodzi, ndipo tiwauze cifukwa cake tikuyang'ana.